Bawuti imene sindinaipukute

Ine ndine fita, wosamala ndi kukonza makina. Ndinagwira ntchito pa fakitale ya nsalu kuno ku Kafue mpaka tsiku limene anatseka zipata, ndipo makina amene ndinali kuyang'anira sanaonepo dzimbiri. Sukulu ndinalekezera ku pulaimale kwathu ku Katete. Sindichita nazo manyazi. Ana anga onse anaphunzira.

Wotsiriza, Mailesi, amaphunzitsa pa yunivesite ku Lusaka. Anthu a kuno ku Estates, dera lathu la ku Kafue, amamutcha dokotala, ndipo ena amabwera kudzamuonetsa zotupa. Iye sachiza anthu. Amaphunzitsa achinyamata amene adzakhale mainjiniya za zitsulo, simenti, magalasi ndi mapulasitiki: chimene chimalimba, chimene chimapindika, ndi chifukwa chake chinthu chimathyoka. Kuseri kwa nyumba yanga kuli kashedi. M'menemo amasungamo bokosi lamatabwa lodzaza zitsulo zothyoka zimene wakhala akutola kuyambira ali wophunzira, pakuti nyumba yake ku Lusaka ndi yaing'ono.

Chaka chatha, mvula ili pafupi kuyamba, ku Livingstone kunali msonkhano wa aphunzitsi a m'mayunivesite amene amaphunzitsa zomwezi, ochokera kuno ndi kumaiko oyandikana nafe. Mailesi anapatsidwa nthawi yolankhula. Kanali koyamba kuti aime pamaso pa akuluakulu a ntchito yake. Nkhani yake inali ya momwe mphunzitsi angaphunzitsire pamene sukulu ilibe makina okwera mtengo: kuika chitsulo chothyoka m'manja mwa wophunzira kuti aone yekha chimene chinachitika. Popanda bokosi lija analibe nkhani.

Iye anatsogola pamodzi ndi okonza msonkhano. Galimoto imene inayenera kutenga bokosi inadutsa Kafue osaima. Woyendetsa anaiwala. Lolemba masana Mailesi anandiimbira foni.

"Atate, ndilankhula Lachitatu m'mawa. Mulipereke chabe kwa kondakitala wa basi."

"Katundu wa mwana wanga sayenda wopanda mwini. Ndibweretsa ndekha."

Anayamba kunena za msana wanga. Ndinadula foni.

Nditatsegula bokosi ndinakwiya. Dzimbiri, girizi wouma, fumbi. Ndinati mwana wanga sangaike zonyansa zotere pamaso pa alendo, anthu angati kwawo kulibe munthu wodziwa kusamala chitsulo. Ndinatenga chachikulu koposa, chidutswa cha shafiti ya chigayo, n'kuchimanga pa vaisi, chopanira zitsulo. Bulashi yawaya, kenaka sandipepa, kenaka mafuta. Pamalo pothyokapo ndinasalaza mpaka panawala ngati supuni. Inali ntchito yabwino. Ndinali kutenga chachiwiri pamene foni inaliranso.

"Atate, ndinaiwala kukuuzani. Musapukute chilichonse. Musapake mafuta, musalumikize zidutswa, ndipo zisanyowe."

"Ndapukuta kale chimodzi."

"Chiti?"

"Shafiti."

Ndinamva anthu akuseka kumbuyo kwake, ndi mbale zikugundana.

Kenaka anandifotokozera, mofatsa, monga amachitira ndi ana a sukulu. Anati chitsulo chimatopa. Kamng'alu kamayamba pamalo amodzi, n'kumakula pang'onopang'ono miyezi yambiri, ndipo pamene kakudutsa kamasiya mizere yokhota ngati imene madzi amasiya pa mchenga mtsinje ukamaphwa. Mbali imeneyo imakhala yosalala ndi yakuda. Mbali imene yathyoka pa tsiku lomaliza imakhala yokakala ndi yoyera. Dzimbiri lenilenilo limaonetsa kuti mng'alu ndi wakale. Pa zonse za m'bokosi, shafiti yokha ndiyo inali ndi mizere yooneka bwino ndi maso, ndipo nkhani yake yonse anaimanga pa iyo. Ine ndinali nditaifafaniza ndi sandipepa.

"Palibe kanthu, atate. Bweretsani zotsalazo. Ndiona chochita."

Ndimamudziwa mwana wanga. Akanena kuti palibe kanthu, kanthu kalipo.

Lachiwiri m'mawa ndinavala jekete ndi tayi. Amake Mailesi anandimangira mbatata yophika ndi nkhuku. Ndinabwezera shafiti m'bokosi n'kulikankha pa wilibala mpaka ku msewu waukulu kumene mabasi ochokera ku Lusaka amaima.

Basi yoyamba inali yodzaza. Yachiwiri sinaime. Dzuwa linakwera. Pambali panga panali mayi wina wamkulu thupi, atakhala pa thumba la nsomba zouma, akudzikupiza ndi katoni. Anati amachokera ku Chanyanya ndipo akupita kukagulitsa ku Livingstone. Dzina lake anati bina Luyando, ndiko kuti amake Luyando m'Chitonga.

"Ba mudala, muyenda ku maliro olo ku khoti? Tayi mu kutentha so?"

"Ndipita ku msonkhano wa aphunzitsi."

"Ndimwe ba ticha?"

"Ndine atate wa mphunzitsi."

"Ndiye yaikulu iyo," anatero, n'kundisunthira pa thumba kuti ndikhale. Sindinakhale. Buluku linali losita.

Basi yachitatu inaima. Kondakitala, mnyamata wa ndevu zometa mwa mizere, ananyamula bokosi n'kuliikanso pansi msanga.

"Mudala, muli chani umu? Sikirapu? Ivi vilipila monga munthu."

"Si sikirapu. Ndi zophunzitsira."

"Vophunzitsira volema so? Ana ba sukulu bazafa."

Anafuna kuliponya m'malo a katundu pansi pa basi pamodzi ndi matumba ndi zigubu. Ndinakana, chifukwa m'menemo mumalowa madzi. Tinakangana mpaka dalaivala analiza hutala. Ndinalipira zimene ananena, zochuluka, ndipo bokosi linalowa pansi pa miyendo yanga. Mawondo anafika pachifuwa. Bina Luyando anakhala mpando wa pambali panga, ndipo fungo la nsomba linakhala nafe tonse.

Tinawoloka mlatho wa Kafue, tinasiya msewu wa ku Chirundu kumanzere, tinayamba kukwera mapiri a Munali. Dalaivala anali wothamanga. Potsika, basi inali kupendama pa makona ndipo amayi ena anayamba kuitana Yesu. Ine ndinali kuganiza za shafiti. Pa Mazabuka tinaima nthawi yaitali kudikira munthu amene anapita kukagula nzimbe. Pa Monze mlaliki anakwera, analalikira za Yona, anasonkhetsa, anatsika pa Chisekesi. Bina Luyando anadya theka la nkhuku yanga ndipo anandifunsa za bokosi mpaka ndinamuuza zonse, ngakhale za sandipepa. Sindidziwa chifukwa chake ndinamuuza. Mwina chifukwa sanali wa mpingo wathu.

Anaseka mpaka kupukuta misozi. "Ndimwe monga bamuna banga. Banasuka poto yanga ya nshima na mchenga, bati yada. Poto ija sinapikenso bwino."

Sindinaseke.

Titadutsa Pemba, pamalo ena pamene amayi amagulitsa masuku m'mbali mwa msewu, kumbuyo kwa basi kunamveka phaa! ngati mwala wagunda bati. Tinapitirira. Patapita kanthawi kunamvekanso kawiri, ndipo basi inayamba kugwedeza matako. Dalaivala uja, ngakhale anali wothamanga, anachita bwino. Sanaponde mabuleki mwamphamvu. Anaisiya ichepetse yokha n'kuikokera pambali. Ndimamuthokoza.

Tonse tinatsika. Wilo lakumbuyo linali litapendama, mabawuti angapo kulibe, kwangotsala tizitsa m'mabowo. Anthu anayamba kuweruza mlandu. Wina anati ndi dzenje limene tinagunda ku Monze. Wina anati ndi katundu wochuluka, ndipo anayang'ana ine. Kondakitala anaimbira foni ku Choma, anati makanika abwera manjemanje, ndiko kuti posachedwa, ndiponso basi ina idzatitenga. Amene wayendapo m'dziko muno amadziwa kutalika kwa manjemanje.

Tinakhala. Kunalibe mthunzi koma kamtengo kamodzi, ndipo amayi a ana anakatenga. Anyamata anagona pansi pa basi. Bambo wina wa suti anayenda uku ndi uku atakweza foni m'mwamba kufuna netiweki. Ine ndinatulutsa bokosi langa, chifukwa m'basi munali ngati mu uvuni ndipo sindikhulupirira anthu, n'kukhala pamwamba pake. Kum'mwera mitambo inayamba kuda.

Makanika anafika dzuwa litapendeka, pa kagalimoto kopanda chitseko chimodzi. Ndinapita kukaona ntchito yake, monga fita aliyense angachitire. Atachotsa mawilo ndinagwada n'kuvala magalasi. Pa kachitsa kamodzi ndinaona chinthu chimene ndachiona kambirimbiri pa moyo wanga osachiyang'ana: mbali yaikulu yakuda ndi yosalala, mizere yokhota, ndi kambali kakang'ono koyera m'mphepete. Zenizeni zimene Mailesi ananena.

"Aphiri kapena ndani, taimani," ndinatero. "Musamenye pamenepo."

Makanika anali ataika kale chitsulo chake pa kachitsako, hamala ili m'mwamba. "Manje nichose bwanji, mudala? Na mano?"

Anali kunena zoona. Kachitsa kotere kamatuluka pokhapokha ukamenya pamaso pake. Anamenya. Mizere inapita.

Koma bawuti ikathyoka imakhala ndi mbali ziwiri. Mbali yakunja, ya nati yomangira wilo, inali itauluka mumsewu. Ndinakumbukira phokoso loyamba lija, pa amayi a masuku. Ndinauza bina Luyando kuti andisungire bokosi.

"Muyenda kuti? Mvula iyi, na basi ina ibwera."

"Ndikafuna bawuti."

"Mu msewu onse uyu? Ba mudala, mwadya bwino?"

"Lisanyowe," ndinatero, n'kunyamuka.

Ndinayenda m'mbali mwa phula, maso pansi. Anyamata a pansi pa basi anandikuwiza kuti ndikapeza ndalama tigawane. Ndinapeza zitsekerero za mabotolo, chidutswa cha tayala, nsapato ya mwana, galu wakufa. Malole anali kudutsa ndi mphepo yofuna kundigwetsa. Mtunda unali wautali kuposa momwe unaonekera tili m'basi. Msana unayamba kulankhula. Kawiri ndinafuna kubwerera, koma ndikaganiza za mwana wanga ataima pamaso pa anthu aja ndi shafiti yowala ngati supuni, miyendo inali kupita yokha.

Pa masuku ndinapeza amayi akulongedza chifukwa cha mitambo. Ndinawapatsa moni m'Chitonga changa chochepa, ndi kufunsa m'Chinyanja ngati anaona kachitsulo kakugwa ku basi. Mmodzi, wokalamba ngati ine, anaimirira manja m'chiuno. Anandionetsa beseni lake lachitsulo. M'mbali mwake munali chibowo cholowa chala.

Sindinamve mawu onse, koma ndinamva kuti ndikutukwanidwa. Mtsikana wake anamasulira: chinthu chija chinabwera ngati chipolopolo, chinaboola beseni, masuku anamwazika, ndipo chikanagunda mwendo bwenzi tikunena zina. Anafuna kudziwa ngati basi ndi yanga. Ndinati ayi. Anafunsa chifukwa chake munthu wa tayi akufuna chitsulo chakufa. Ndinati ndi cha mwana wanga wamkazi, amaphunzitsa nacho anthu opanga zinthu kuti zisamathyoke chonchi. Mayiyo anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku chipewa. Kenaka anamasula mfundo ya chitenje chake n'kutulutsa bawuti, nati ili pomwepo. Anali ataisunga kuti akaonetse amuna ake.

Pamaso pothyokapo panali polowa pang'ono m'kati mwa nati, motero sipanakhudze phula kapena beseni. Mizere yonse inalipo. Panali kafumbi. Chala changa chachikulu chinapita chokha kuti chipukute. Ndinachibweza.

Ndinafuna kugula masuku kuti ndithokoze. Anakana, n'kundithira ena m'thumba la jekete, akunenabe za beseni.

Mvula inandipeza pakati pa njira. Ndinakulunga bawuti m'kansalu kouma ka m'thumba, ndinaiika m'chipewa, chipewa m'khwapa mkati mwa jekete, ndipo ndinayenda chowerama. Mutu wanga wa dazi unalandira mvula yonse. Ndili patali ndinaona mabasi awiri, ndipo yatsopanoyo inali kuliza hutala kosalekeza. Ndinali ndisanathamange kwa zaka zambiri. Tsiku limenelo ndinayesa.

Anthu onse anali atakwera kale. Pa khomo la basi, pa sitepe yeniyeni, panali bina Luyando atakhala pa bokosi langa. Analikulunga ndi pulasitiki yaikulu imene amaphimbira nsomba zake, ndipo thumba la nsombalo linali pansi, likunyowa mbali imodzi. Kondakitala anali kumukoka dzanja.

"Mami, chokani pa khomo! Tizachedwa chifukwa cha mudala umodzi ofuna sikirapu?"

"Nigwire futi uone. Basi iyi siyenda. Ngati ufuna, ninyamule na bokosi pamodzi."

M'basi ena anali kutukwana, ena kuseka. Bambo wa suti anali kunena za nthawi yake. Atandiona, bina Luyando anakuwa: "Awo babwera! Mwaipeza?"

Ndinakweza chipewa.

"Baipeza!" anauza basi yonse, ngati kuti onse anali kudikira zimenezo. Ndipo ena anaombadi m'manja, omwe aja anali kutukwana.

Ndinamuthandiza kukweza thumba lake. Nsomba zouma zikanyowa zimaola, ndipo iye amadziwa zimenezo kuposa ine. Ndinamufunsa chifukwa chake anachita zotere. Anati, "Munakamba kuti lisanyowe." Kenaka anang'amba kapepala kouma kamene amakulungira nsomba, tinakulungamo bawuti, chifukwa kansalu kanga kanali katayamba chinyezi.

Za Choma, Kalomo ndi Zimba ndilibe chonena. Ndinali kunjenjemera ndi kuzizira ndipo mawindo anali ndi nthunzi. Tinadya masuku. Tinafika ku Livingstone magetsi atayaka. Mailesi anali pa siteshoni, ndipo ataona jekete langa anayamba kundikalipira ngati amake. Ndinamupatsa kapepala kaja. Anakatsegula pansi pa getsi, anayang'ana, anatembenuza, anayang'ananso.

"Mwaitenga kuti?"

"Ku basi imene ndinakwera."

"Simunaipukute?"

"Uli ndi maso."

Anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri, pamaso pa anthu. Ndinamulola. Nditacheuka kuti ndimuonetse bina Luyando, anali atakweza kale thumba pa wilibala ya munthu, akupita.

M'mawa mwake ndinakhala kumbuyo kwenikweni kwa holo ya hotela, jekete litauma ndi kusitidwa. Munali anthu ambiri, a imvi ndi achinyamata, akazi owerengeka. Amene analankhula poyamba anaonetsa manambala pakhoma ndipo sindinatolepo kanthu. Chizungu changa ndi cha mu wekishopu. Koma cha Mailesi ndinachimva, chifukwa ndinali nditayendamo ndi miyendo.

Anayala zitsulo zake patebulo. Anaika bawuti pansi pa kakamera, ndipo inaonekera pakhoma yaikulu ngati mwezi. Sanafotokoze. Anafunsa aphunzitsiwo kuti amuuze chimene chinachitika, monga amafunsira ana ake. Anayamba kuloza ndi kutsutsana ngati anyamata pa mpira. Mayi wina wa ku Botswana anaonetsa pamene mng'alu unayambira, pa mzere wa mazinga a bawuti. Mkulu wina wa ndevu zoyera anati unatenga miyezi, mwina nati inali yosamangidwa bwino. Palibe anatchula dzenje la ku Monze. Bawuti inayenda m'manja, aliyense akuigwira m'mbali. Mkulu wa ndevu uja anainunkhiza, anamva fungo la nsomba, nafunsa ngati galimoto yake inali kuyenda m'madzi. Holo yonse inaseka.

Kenaka Mailesi analoza kambali koyera kaja. Anati chitsulo chokhacho chimene chinatsala chogwira ndi ichi, chochepa ngati chikhadabo cha chala chaching'ono, ndipo zinzake mwina zinali chimodzimodzi. Anati dzulo basi yodzaza anthu inatsika mapiri a Munali itadalira pamenepo, ndipo mmodzi mwa anthuwo ndi atate ake, amene akhala kumbuyoko. Anthu anacheuka. Ine sindinawaone bwino. Ndinali kuona makona aja, ndi amayi akuitana Yesu, ndi ine ndikudandaula za shafiti osadziwa chimene chili pansi panga. Ndinavula magalasi n'kuthokoza Mulungu pomwepo, mumtima.

Nditakweza mutu Mailesi anali atanyamula shafiti. Inali kuwala pansi pa magetsi a hotela. Anati iyi yapukutidwa ndi fita wabwino, amene anaphunzitsidwa kuti dzimbiri ndi manyazi, ndipo ana athu akamaliza sukulu adzagwira ntchito ndi anthu otere, amene amafika pa makina othyoka injiniya asanadzuke. Anati bokosi lakhala kwa fita ameneyu zaka zonsezi, ndipo iye, mphunzitsi, sanakhalepo naye pansi kumuonetsa chimene chili m'menemo. Anawapempha kuti aziphunzitsa ana awo kulankhula ndi anthu a mu wekishopu chinthu chisanathyoke. Sanatchule dzina. Ambiri analemba.

Pa tiyi anamuzungulira, ena kufuna kuti akalankhule kwawo, ena kufunsa momwe angayambire bokosi lawo. Ine ndinaima pambali ndi kapu yanga. Zinandikwanira.

Sabata yotsatira ndinakwera minibasi kupita ku Chanyanya ndi pulasitiki yatsopano ndi chitenje. Bina Luyando ndinamupeza pa doko akukangana ndi asodzi. Anati nsomba zina zinaoladi, anapatsa nkhumba za mlongo wake. Analandira pulasitiki, anayang'ana chitenje, anati mtundu wake ndi wa akazi a abusa koma adzavala. Mayi wa beseni sindinamuonenso. Pobwerera kuchokera ku Livingstone ndinayang'ana pawindo, koma basi inathamanga ndipo malo ogulitsira masuku ndi ambiri.

Bawuti ili ku Lusaka, ikuphunzitsa. Bokosi linabwerera mu kashedi, ndipo sindilikhudza. Shafiti yokha Mailesi anaisiya m'nyumba, pa shelefu, kuti aziitenga akaifuna. Anati imeneyo ndingathe kuipukuta momwe ndifunira. Ndimaipukuta Loweruka lililonse.